Belu la Zenzi Lili Chete

Vevi anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Anali wamfupi. Koma akati achita chinthu, ankachitadi.

Vevi ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona ng'ombe zawo zitavala maluwa.

Nyengo yonse yotentha, Vevi ankakhala kuphiri. Ankakhala ndi amayi ake. Ankakhalanso ndi amalume ake, a Kassian. Kanyumba kawo kanali ka matabwa. Abambo anatsala kumudzi, akumweta udzu.

Amayi ankakama ng'ombe. Ankapanga tchizi ndi batala. Amalume ankaweta ng'ombe. Kunena zoona, masiku ambiri ng'ombe zinkadziweta zokha. Amalume ankaweta benchi.

Tsopano kuzizira kunayandikira. Kunatsala masiku awiri kuti atsike phiri.

Kwawoko, ku mapiri a Tirolo, ng'ombe zimatsika zitavala zisoti za maluwa. Koma pali lamulo. Ng'ombe zonse zikhalepo. Ikasowa imodzi, palibe maluwa. Palibe ngakhale duwa limodzi.

Vevi anali atapanga kale chisoti chachikulu. Analuka nthambi za paini. Anaikamo maluwa a mapepala, ofiira ndi achikasu. Zala zake zinatupa. Iye sanadandaule.

Chisoticho chinali cha Zenzi. Zenzi anali ng'ombe yofiirira. Anali wamakani. Anali ndi belu lalikulu kuposa mabelu onse.

Usiku kunagwa mvula yambiri. M'mawa ng'ombe zinabwera kudzakamidwa. Ngele, ngele, ngele! Iliyonse inaima pamalo pake.

Malo a Zenzi anali opanda kanthu.

"Zenzi!" Amayi anaitana. "Zenziii!"

Onse anatchera khutu. Belu la Zenzi limamveka kutali. Limamveka ngakhale kutsidya kwa chigwa. Koma lero kunali zii.

Amayi anatembenukira mlongo wawo wamng'ono.

"Iwe Kassian, Zenzi unamuona liti?"

"Dzulo masana, achemwali."

"Anali kuti?"

"Anali pafupi ndi benchi."

"Nanga iwe unali kuti?"

"Ndinali pa benchi, achemwali. Ndimaganiza."

"Umaganiza maso ali otseka?"

"Ndimo mmene maganizo amabwerera bwino," anatero amalume.

Amayi sanaseke. Anayang'ana chisoti chimene chinali patebulo. Kenako anayang'ana Vevi.

"Mwanawe, Zenzi akapanda kupezeka, chisotichi tichiika m'bokosi."

Vevi sanalire ayi. Anavala jombo zake. Anamanga zingwe zolimba.

"Ndikukamufuna," anatero.

"Wekha ayi," anatero amayi. "Ine ndili ndi mkaka pamoto. Kassian, nyamuka."

"Ine? Ndi miyendo yangayi?"

"Eya, yomweyo. Yapuma mokwanira."

Amayi anatenga chikwama cha kumsana cha Vevi. Anaikamo buledi wakuda. Anaikamo tchizi. M'kathumba kakunja anathiramo mchere. Ng'ombe za kuphiri zimafera mchere.

"Muzitsata miyala yopaka penti," anatero amayi. "Musasiye njira."

"Chabwino, amayi. Sindibwera popanda Zenzi."

Vevi anatsogola. Amalume anatsatira ndi ndodo ndi chingwe.

Njira inalowa m'mitengo ya paini. Inakhota uku. Inakhota uko. Pamiyala panali penti yofiira ndi yoyera. Vevi ankapeza mwala umodzi. Kenako ankafuna wina.

Kwera, kwera, kwera.

"Vevi, tipume," anatero amalume.

"Tangoyamba kumene, amalume."

"N'chifukwa chake. Munthu apume asanatope."

"Kanyumba kathu kakuonekabe, amalume!"

"Ukuona? Nakonso kakutifuna."

Vevi sanaime. Amalume anapukusa mutu. Anatsatira.

Kwera, kwera, kwera.

Mitengo inayamba kufupika. Kenako inatha. Kunatsala udzu ndi miyala. Mbira za m'phiri zinaimba likhweru. Tswii! Tswii! Zinathawira m'mauna awo.

Vevi anaima pamwala. Anaika manja pakamwa.

"Zenziii!"

Phiri linayankha kuti, "Zenziii!" Koma belu silinalire.

Kutsogolo kunatulukira mayi wina wa chipewa chobiriwira. Anali a Hedwig. A Hedwig anali mlonda wa phirili. Ankateteza maluwa, mbalame ndi nyama.

"Moni, Vevi," anatero a Hedwig. Kenako anatong'ola maso. "Aa! Kodi uyu ndi Kassian? Akuyenda yekha ndi miyendo yake? Dikirani ndijambule!"

"Seka, Hedwig, seka," anatero amalume. "Kusukulu unkakopera kwa ine."

"N'chifukwa chake ndinabwereza kalasi."

Vevi anakoka malaya a mlonda.

"Pepani, amayi. Mwaonako ng'ombe yofiirira?"

"Sindinaione, mwanawe. Belu sindinalimvenso. Ng'ombe za ena zonse zinatsika kale."

A Hedwig analoza kumwamba. Kuseri kwa phiri kunali mtambo wakuda bii.

"Mtambo uwo uli ndi chipale chofewa. Ufika kuno madzulo. Dzuwa likakhudza nsonga iyo, mubwerere. Ng'ombe ipezeke, isapezeke. Wamva, Vevi?"

"Ndamva."

"Kassian, wamva?"

"Mawu akuti kubwerera ndimawamva msanga," anatero amalume.

Vevi anayang'ana dzuwa. Anayang'ana nsonga. Anayamba kuyenda mofulumira.

Kwera, kwera, kwera.

Miyendo ya Vevi inayamba kuwawa. Mtima unkagunda gu, gu, gu. Koma iye anangoti, "Mwala wina umodzi." Akaufika, ankatinso, "Mwala wina umodzi."

Kumbuyo kunkamveka wefu, wefu. Vevi anacheuka. Amalume ankatsimphina.

"Amalume, mwatani mwendo?"

"Palibe. Ndikuvina."

"Khalani pansi ndione."

Amalume anakhala pamwala. Anavula jombo yakumanzere. Chidendene chinali psuu. Panali chithuza chachikulu.

Vevi anayang'anitsitsa. Phazi lakumanja linali ndi sokosi. Phazi lakumanzere linalibe.

"Amalume, sokosi ina ili kuti?"

"Ili paulendo."

"Paulendo wa kuti?"

Amalume anakanda m'mutu. Anayang'ana mitambo. Anayang'ana ndodo yawo.

"Vevi, mwana wa mlongo wanga, ndiwe mwana wabwino. Suuza amayi ako eti?"

"Nenani kaye."

"Dzulo Zenzi amadya udzu pafupi ndi benchi. Belu lake lija! Ngo! Ngo! Ngo! M'khutu mwanga mwenimweni. Ndinamupempha mwaulemu. Sanamve. Ndiye ndinavula sokosi."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinaitsekera m'belu."

Vevi anatsegula pakamwa modabwa.

"Ndimati ndiichotsa ndikadzuka," anatero amalume. "Podzuka, Zenzi kulibe. Sokosi kulibe."

"Amalume! Ndiye belu silingalire!"

"Silingalire. Ndi sokosi yaubweya. Yokhuthala bwino."

Vevi anakwiya. Masaya ake anatentha. Anafuna kukuwa. Koma anayang'ana dzuwa. Nthawi yokuwa panalibe.

Anatulutsa mpango wake. Anamanga chidendene cha amalume.

"Valani jombo," anatero. "Makutu satithandiza lero. Tigwiritsa ntchito maso."

"Sundimenya?"

"Amayi ndiwo adziwa zochita nanu."

"Mayo ine," anatero amalume. Anaimirira msanga.

Anafika pa busa la pamwamba. Linali lalikulu ndi lathyathyathya. Udzu unali wofewa. Panali timaluwa tating'ono ta buluu. Koma ng'ombe panalibe.

Apa njira inagawikana. Ina inapita kunsonga. Ina inapita ku mathithi.

Vevi anawerama. Anafuna mapazi a ng'ombe. Mvula inali itafufuta onse.

"Tidye kaye," anatero amalume. "Mutu wopanda buledi suganiza."

Apa amalume ananena zoona. Anagawana buledi ndi tchizi. Vevi anadya ali chiimire. Maso ake ankazungulira busa lonse.

"Ine ndikuti tipite kunsonga," anatero amalume. "Kapena kunyumba. Kunyumba n'kotsetsereka bwino."

Anabwerera cham'mbuyo kuti aloze njira. Phwa! Phazi linaterera. Amalume anakhala pansi mwamphamvu.

"Mayo! Ndaponda chiyani?"

Vevi anathamangira pomwepo. Anayang'ana pansi. Kenako analumpha ndi chimwemwe.

"Ndowe! Amalume, mwaponda ndowe!"

"Ndiye ukusangalala?"

"Ng'ombe za ena zinatsika kale. Iyi ndi ya Zenzi! Ili panjira ya ku mathithi!"

Amalume anayang'ana buluku lawo.

"Waona?" anatero. "Ndamupeza ndine. Ukauze amayi ako zimenezo."

Njira ya ku mathithi inali yopapatiza. Inali ya miyala yoterera. Vevi anagwiritsa manja ndi miyendo.

Kwera, kwera, kwera.

Patali kunamveka phokoso. Waaa! Phokoso linakula. Waaa! Mphepo yozizira inawawomba kumaso.

Anakhota pathanthwe lalikulu. Mathithi aja ndi awa!

Masiku onse mathithiwa amakhala ang'ono. Koma mvula inali itawakwiyitsa. Madzi ankagwa kuchokera kumwamba kwenikweni. Ankagwa oyera mbee. Pansi pankatuluka nkhungu yonyowetsa.

Pamtsinje panali mlatho wa matabwa. Unali wolimba. Unali ndi zogwirira uku ndi uku.

Kutsidya kwa mlatho kunaima ng'ombe yofiirira. Inali yonyowa. Inali njenjenje.

"Zenzi!" anakuwa Vevi.

"Mooo!" anayankha Zenzi.

Vevi ndi amalume anawoloka atagwirana manja. Vevi anakumbatira khosi la Zenzi. Kenako anapisa dzanja m'belu. Anakoka. Anakokanso. Sokosi inatuluka.

Ngo! Ngo! Ngo!

"Mwana wanga wabwera!" anatero amalume. Anapsompsona sokosi yonyowayo.

Vevi anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali pafupi ndi nsonga. Mtambo wakuda unali utakula.

"Tiye, Zenzi. Tiye kwathu."

Zenzi anafika pamlatho. Anayang'ana madzi. Anaima nji.

Dzulo anawoloka madzi ali ochepa. Lero madzi ankabangula. Zenzi anachita mantha.

Amalume anamanga chingwe. Anakoka. Zenzi sanasunthe.

Amalume anapita kumbuyo. Anakankha. Zenzi anawakwapula ndi mchira kumaso. Thwa!

"Ng'ombe iyi ilibe ulemu," anatero amalume. "Vevi, dzuwa latsala pang'ono. Tinalonjeza a Hedwig."

"Ndikudziwa. Likakhudza nsonga, tibwerera."

"Ndiye?"

"Ndiye silinakhudze."

Vevi anaganiza. Zenzi ankaopa kuona madzi. Ndiye asawaone.

"Amalume, vulani jekete lanu lalikululo."

"Kuzizira konseku?"

"Muime mbali ya mathithi. Mulitambasule. Muziyenda pafupi ndi mutu wa Zenzi."

"Madzi onsewo azigwera ine!"

"Eya."

Amalume anayang'ana Vevi. Anayang'ana sokosi imene inali m'manja mwawo. Anapumira m'mwamba. Anavula jekete.

Vevi anatapa mchere m'kathumba. Anatambasula dzanja. Zenzi ananunkhiza. Anatulutsa lilime lake lalitali.

Vevi anabwerera phazi limodzi. Zenzi anaponda thabwa loyamba.

Phazi limodzi. Nyambu!

Phazi lina. Nyambu!

"Ndikunyowa!" anakuwa amalume.

"Kwezani jekete!" anakuwa Vevi.

Phazi lina. Nyambu!

Anafika pakati pa mlatho. Apa nkhungu inali yambiri. Vevi anapisanso dzanja m'kathumba. Mchere unali utasungunuka. Munatsala madzi okhaokha.

Zenzi ananunkhiza dzanja. Munalibe kanthu. Anaima. Anayamba kubwerera m'mbuyo.

"Ayi, Zenzi! Ayi!"

Vevi anagwira chikwama. Chinali chonyowa. Chinali chonanda. Analawa chala chake. Mchere! Mchere wonse unali utalowa m'nsalu ya chikwama.

Vevi anabereka chikwamacho. Anatembenuka. Anapatsa Zenzi msana.

"Nyambita, Zenzi! Nyambita chikwama!"

Zenzi ananunkhiza. Nyambu! Lilime linakankha Vevi kutsogolo.

Vevi anagwira chogwirira. Anayenda phazi limodzi. Zenzi anatsatira.

Nyambu! Phazi lina.

Nyambu! Phazi lina.

Lilime linafika mpaka m'khosi mwa Vevi. Linali lokhakhala. Linkayabwa. Vevi anafuna kuseka. Anafunanso kulira. Koma sanaime.

Thabwa lomaliza. Kenako udzu!

Ngo! Ngo! Ngo! Zenzi anali atawoloka.

Vevi anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali likukhudza nsonga.

"Tsopano tibwerere," anatero.

Amalume anali atanyowa chiii, madzi akutsika m'ndevu. Mano ankagundana.

"Vevi," anatero, "chaka chino sindisambanso. Ndamaliza."

Anatsika phiri mofulumira. Zenzi anali pakati. Belu linkalira njira yonse. Kumbuyo kwawo chipale chofewa chinayamba kugwa. Busa la pamwamba linayera.

A Hedwig anamva belu ali patali. Anakweza chipewa chawo m'mwamba.

Amayi nawonso analimva. Anatuluka m'kanyumba akuthamanga. Anakumbatira Vevi. Anakumbatira Zenzi. Amalume anatambasula manja. Amayi anawapatsa chopukutira.

"Koma belu linatani?" anafunsa amayi.

Amalume anayang'ana Vevi. Vevi anayang'ana amalume. Anangodikira.

"Achemwali," anatero amalume, "khalani pansi. Musatenge chipande."

Anaulula zonse. Amayi anamvetsera mpaka pamapeto.

"Kassian, mawa uyenda kumbuyo kwa ng'ombe zonse."

"Kumbuyo? Kumene kumagwa zija?"

"Komweko. Ndi fosholo."

M'mawa kunacha bwino. Anasambitsa ng'ombe zonse. Anapukuta mabelu. Ng'ombe iliyonse inalandira maluwa ake.

Vevi anakwera pa mpando. Anaika chisoti chachikulu pamutu pa Zenzi. Anamanga bwinobwino. Zenzi anakweza mutu ngati mfumukazi. Ngati si iye amene anavutitsa anthu dzulo.

Anayamba kutsika. Vevi ndi Zenzi anali patsogolo. Amayi anali pakati. Amalume anali kumbuyo ndi fosholo.

Tsika, tsika, tsika.

Kumudzi anthu anadzaza mumsewu. Oimba malipenga anali okonzeka. Onse ankayang'ana pamene njira imakhota. Mabelu ankamveka. Koma ng'ombe zinali zisanaoneke.

Abambo a Vevi anaima kutsogolo. Chipewa chinali m'manja. Ankachipinda, ankachipinda. Maluwa alipo kapena palibe?

Kenako panatulukira nyanga. Pamwamba pa nyanga panali zofiira ndi zachikasu.

"Maluwa!" anakuwa mwana wina. "Zavala maluwa!"

Malipenga analira. Anthu anaomba m'manja. Abambo anaponya chipewa m'mwamba.

Vevi anayenda mowongoka. Miyendo inkawawa. Koma anafika mpaka pakhola.

Abambo anaima pachipata. Anagwira ng'ombe iliyonse pamsana.

"Imodzi. Ziwiri. Zitatu."

Anawerenga mpaka khumi ndi ziwiri. Kenako ananyamula Vevi.

"Khumi ndi zitatu. Kathole aka n'kanga."

Anagwira amayi paphewa. "Khumi ndi zinayi."

Pomaliza panafika amalume. Ankatsimphina. Fosholo inali paphewa.

"Nanga yotsimphinayi ndi yathu?" anafunsa abambo.

"Alamu, werengani bwino," anatero amalume. "Ine ndine ziwiri."

Vevi anaseka. Anatsamira mutu paphewa la abambo.

"Ndi yathu, ababa," anatero. "Ilowetseni. Tonse tafika."